Masiku 6 ndi ana a eni pa Ilala



Ana ambiri amene timaphunzitsa kuno kumwera kwa nyanja anabadwira m'mphepete mwa madzi. Amasamba m'nyanja, amachapa m'nyanja, ndiwo zawo zimachokera m'nyanja, koma mukawafunsa kuti nyanjayi imathera pati amangokulozerani phiri limene maso awo alekezera. Sindikuwanyoza ayi. Nyanja imene mwana wa ku Makawa, ku Namiasi kapena ku Malindi amaidziwa ndi kachigawo kochepa ka kumwera, kosaya kwenikweni, kumene tsidya lina limaoneka bwinobwino. Zoti nyanjayi ndi yotalika makilomita pafupifupi 580 amangoloweza kuti akayankhe pamayeso a jogalafe, monga momwe amalowezera za mtsinje wa Nile umene sadzauonako.

Ku America kuli ndondomeko ina yotchedwa Semester at Sea, imene inayamba mu 1963. Ophunzira a m'mayunivesite amakwera sitima yaikulu ya panyanja yamchere n'kukhala mmenemo miyezi yoposa itatu, akuphunzira m'makalasi a m'sitima momwemo ndi kumatsika m'madoko a maiko osiyanasiyana. Mtengo wake pa mwana mmodzi umaposa madola 20,000, ndalama zimene sukulu yoyendera ngati yathu sinazionepo pamodzi. Ife tilibe nyanja yamchere, tilibenso madola, koma tili ndi Ilala, imene imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, kukafika ku Chilumba n'kubwerera Lachitatu. Ineyo ndi mphunzitsi mnzanga wa bayoloje tinaganiza kuti masiku 6 amenewo akhale temu yathu ya pamadzi. Tinatenga ophunzira 18 a Fomu 3 a m'kalabu ya zachilengedwe, anyamata 10 ndi atsikana 8, patchuthi cha kumapeto kwa Ogasiti.

Kusonkhanitsa ndalama kunatitengera matemu awiri. Kalabu inalima dimba la mpiru ndi tomato, makolo ankapereka pang'onopang'ono usipa ukagwidwa, ndipo mnyamata wina amene anaphunzirapo pasukulu yathu, pano ali ku Joni, anatumizako kangachepe. Koma ndalama sizinavute ngati makolo. Pamsonkhano abambo ena, asodzi okhaokha, anatifunsa ngati tikudziwa kuti Ogasiti ndi mwezi wa mwera. Agogo ena anakumbutsa anthu za sitima ya Vipya imene inamira pa 30 Julaye 1946 kufupi ndi Chilumba, anthu 145 n'kufa, ndipo anati aliyense wokayika apite akaone mwala wa chikumbutso umene uli pafupi ndi nsanja ya wotchi pa boma la Mangochi. Amayi nawo nkhawa yawo inali ina: mwana wamkazi kugona kunja masiku asanu pakati pa amuna osadziwika. Panalinso za Lachisanu, pakuti ana athu ambiri ndi Asilamu ndipo sitima imanyamuka tsiku la mapemphero. Apa anatithandiza ndi a shehe a m'mudzi, amene anafotokoza kuti munthu wapaulendo amaloledwa kufupikitsa ndi kuphatikiza swala. Mapeto ake tinagwirizana kuti mayi mmodzi wa m'gulu la amayi la pasukulu apite nafe, kuti mwana aliyense asatsike m'sitima usiku, ndiponso kuti tikabwerako tidzaitane msonkhano wina ana adzafotokoze okha zimene aona.

Ntchito yaikulu ya mphunzitsi pasitima ndi kuwerenga mitu. Kuphunzitsa kumabwera pambuyo. Mwana aliyense tinamupatsa nambala, ndipo ndikangoti "tiyambe" woyamba amati wani, wachiwiri thu, mpaka 18. Tinkawerenga podzuka, tisanadye, titadya, sitima ikaponya nangula, ikamanyamuka, pogona ndi pakati pa usiku. Kusukulu mwana akasowa m'kalasi umangoti wajomba, mwina wapita kukakoka khoka, udzamuona mawa. Pasitima nambala imodzi ikapanda kuyankha, mtima umathamangira kumadzi. Ndipo musaganize kuti ana a kunyanja onse amatha kusambira. Mwa atsikana 8 aja awiri okha ndiwo ankatha, ena onse amangodziwa madzi ofika m'chiuno, ochapira ndi kutsukira mbale. Nchifukwa chake phunziro loyamba, sitima isanatuluke n'komwe m'doko, linali loona kumene kuli majekete opulumukira pamadzi ndi kavalidwe kake.

Tinakwera kalasi yotsika mtengo, kunsi, kumene munthu ndi katundu salekana. Matumba a chimanga, a shuga, a simenti, malata, njinga, makireti a zakumwa, nkhuku zomangidwa miyendo, mbuzi, mabeseni, zonse pamodzi ndi eni ake. Atsikana anakhala mbali imodzi ndi amadamu ndi mayi aja, anyamata ndi ine mbali ina, zikwama zathu pakati ngati mpanda. Pogona panali pamene wapeza: pabenchi, pansi pa benchi, pamwamba pa thumba la munthu wina mwini wake akalola. Kamba tinanyamula wathu, mbatata yophika, zitumbuwa, chigumu, mtedza wokazinga ndi zigubu za madzi, ndipo kamodzi patsiku tinkagula nsima ku khichini ya m'sitima. Mbatata inatha Loweruka. Amene analerapo anyamata a zaka 17 sadabwa.

Ndinali nditalemba taimutebulo yokongola, ola lililonse ndi phunziro lake. Sitima ili ndi taimutebulo yakeyake, ndipo yake ndiyo imalamula. Ikaima padoko phokoso la okwera ndi otsika silingalole munthu kuphunzitsa, ikakhala pakati pa madzi masana ana amaodzera ndi kutentha kwa injini. Nthawi yabwino inali mbandakucha, anthu ambiri akadali mtulo, ndi madzulo dzuwa likupendeka. Tinkasonkhana pakona ina, mapu atayalidwa pathumba la chimanga, mwana aliyense ndi kope lake. Lamulo linali limodzi: tsiku lililonse ulembe nthawi imene tafika ndi kunyamuka padoko, kumene mphepo ikuchokera, chinthu chimodzi chimene waona, ndi munthu mmodzi amene wacheza naye. Bolodi kunalibe, choko kunalibe, ndipo apaulendo ena ankabwera kudzamvetsera, ena n'kumayankha mafunso ana asanayankhe.

Kampasi ndakhala ndikuiphunzitsa zaka zambiri, kuijambula pabolodi, ana n'kuiiwala sabata yomweyo. Pasitima anaiphunzira tsiku limodzi chifukwa cha swala. Kumudzi mzikiti unayang'ana kale kumene uyenera kuyang'ana, palibe amene amafunsa. Pamadzi anyamata anabwera kwa ine: "Sala, Makka ali kuti?" Tinatenga mapu a dziko lonse ndi kakampasi ka kalabu, n'kupeza kuti kuchokera kuno Makka ali kumpoto, kupendekera pang'ono chabe kummawa. Choncho popita, sitima ikulunjika kumpoto, ankayang'ana chakutsogolo kwa sitima, pobwerera ankayang'ana chakumbuyo. Koma sitima imakhota, makamaka ikamalowa padoko, ndiye nthawi iliyonse ya swala mnyamata mmodzi ankayenera kuyeza kaye. Pofika Lamulungu ngakhale ana Achikhristu ankatha kunena mbali imene sitima yalunjika osayang'ana kampasi, pongoona dzuwa ndi mapiri.

Malo ambiri amene Ilala imaima alibe poti ingagunde kumtunda. Imaponya nangula patali, kenaka amatsitsa maboti ake awiri kuti azitenga anthu ndi katundu. Ku Nkhotakota tinafika kuli mdima, ndipo ana anaonera ali m'mwamba mmene anthu amatsikira pamakwerero, mwana wakhanda akupatsirana dzanja ndi dzanja, thumba la ufa likudutsa pamitu ya anthu, boti likukwera ndi kutsika ndi mafunde. Sitinatsike, monga tinalonjezera makolo. Nkhani ya a Jumbe, amene ankasonkhanitsa akapolo pamenepo n'kuwaolotsa nyanja pa zombo ulendo wa kugombe la nyanja yamchere, ndinaifotokoza tikuyang'ana magetsi a m'tauni. Mtsikana wina anafunsa kuti akapolowo akaoloka ankadutsa m'dziko la yani. Funso limeneli kwa ana a Chiyao silophweka, pakuti mafumu ena a kwathu konkuno, a Mponda ndi a Makanjira a nthawi imeneyo, anali m'malonda omwewo. M'kalasi ana amalemba zimenezi m'kope osatekeseka. Usiku umenewo anakangana mpaka ndinachita kuwaletsa kuti anthu agone.

Za atsikana ndinene pang'ono, popeza ndi zimene makolo ankaopa. Usiku wachiwiri bambo wina wapaulendo, atamwako, anayamba kuzungulirazungulira pamene panali atsikana, kufunsa maina, kulonjeza zakumwa ndi mayunitsi. Ine ndisanaimirire, mayi aja anali atafika kale. Sanakalipe. Anangomupatsa moni mwaulemu, n'kumufunsa kwawo, mfumu yake, ndi ngati ali ndi ana aakazi, zonsezi mokweza mawu kuti amayi onse amalonda amene anali pafupi amve. Amayiwo anaitenga nkhaniyo, ndipo bamboyo sanaonekenso mbali imeneyo mpaka anatsika. Kuyambira pamenepo atsikana athu anasanduka ana a amayi onse a m'chipindamo. Sukulu iliyonse imene ikuganiza za ulendo wotere, ngati ndalama zachepa ichotse china chilichonse, koma isasiye mayi wotere kumudzi.

Amayi amalondawa ndiwo anakhalanso aphunzitsi a bizinesi. Ambiri amanyamula chimanga, ufa ndi zinthu za m'golosale kupita kuzilumba, kumene nthaka ndi yamiyala ndipo chakudya sichikwanira, pobwerera n'kutenga usipa ndi utaka wouma kukagulitsa ku Lilongwe ndi ku Limbe. Atsikana awiri anakhala ndi mayi wina theka la tsiku akulemba zonse zimene amalipira: mtengo wa nsomba pathandala, wonyamula kupita kuboti, boti, sitima, galimoto, chiphaso cha mumsika, ndi nsomba zimene zimafumbutuka panjira. Atachotsera zonse anapeza kuti phindu lenileni ndi lochepa kuposa mmene mayiyo ankaganizira. Anachita mantha kumuuza. Atamuuza, mayiyo anaseka n'kunena kuti akudziwa kale, nchifukwa chake mwana wake wamkazi ali ku sekondale.

Loweruka tinadzuka mapiri a Mozambique ali pafupi kudzanja lamanja. Ndinawaonetsa pamapu kuti zilumba za Likoma ndi Chizumulu ndi za Malawi koma zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, kotero kuti sitima singafikeko osadutsa m'dziko la eni. Ana anakuwa kuti apita kunja opanda pasipoti. Kwa ana a ku Mangochi mawu oti "kunja" amatanthauza Joni basi, ndiye ndinawasiya asangalale.

Ku Likoma tinatsika masana pa boti, m'magulu atatu, gulu lililonse ndi wamkulu wake, madzi omalizira tikuyenda wapansi nsapato zili m'manja. Tinadutsa m'milambe kukafika ku Chipyela, kumene kuli tchalitchi chachikulu cha St Peter's cha mpingo wa Anglican, chimene anayamba kumanga mu 1903. Ana ena Achisilamu anaima pakhomo akukayika. Mayi aja, amene nawonso ndi Msilamu, anavula nsapato n'kulowa, ana onse n'kutsatira. Chimene chinawadabwitsa ndi kukula kwake pachilumba chaching'ono chotere, ndipo anafunsa mmene anthu anamangira popanda galimoto kapena makina. Ndinawauzanso za Chauncy Maples, bishopu wa ku Likoma amene anamira m'nyanja yomweyi mu 1895 asanayambe n'komwe ntchito yake, amene dzina lake linaperekedwa kwa sitima yakale ija imene anaiona itaima ku Monkey Bay. Apa mpamene ana anayamba kulumikiza okha zinthu: sitima yoyamba yotchedwa Ilala inabwera mu 1875 ndi amishoni a ku Scotland amene anakhazikika ku Cape Maclear, kwathu, dzinalo analitenga ku dera la ku Zambia kumene David Livingstone anafera mu 1873, ndipo iyi tinakwerayi inapangidwa ku Glasgow mu 1949, n'kubwera zidutswazidutswa, n'kuyamba kuyenda mu 1951. Mnyamata wina anawerengetsa n'kupeza kuti sitimayo ndi yaikulu kuposa agogo ake aamuna.

M'gululi munali mnyamata mmodzi amene aphunzitsi tonse tinkamudziwa chifukwa cha kugona m'kalasi. Usiku amapita kunyanja ndi amalume ake kukagwira usipa ndi chilimira, m'mawa n'kubwera kusukulu maso ali psu. Anali atandiuza kale poyera kuti Fomu 4 sadzaiona, achimwene ake amene ali ku Johannesburg akungosonkhanitsa ya thiransipoti. Anabwera paulendowu chifukwa ndi amene ankathirira dimba la kalabu koposa onse. Pasitima mnyamata ameneyu anali munthu wina. Nyali za asodzi zikaoneka usiku, iye ankafotokozera anzake kuti bwato lokhala ndi nyalilo ndi la sigina, amene amaitana nsomba, ndipo maboti awiri ali pambaliwo ndiwo amazinga ukonde. Ankadziwa chifukwa chimene usipa suphedwa bwino mwezi ukawala. Amadamu akatchula dzina la nsomba la m'buku, iye ankatchula maina atatu a m'mudzi, n'kunena kuya kumene imakhala ndi mwezi umene imaswana. Amadamu anafika pomusiyira theka la phunziro.

Lamulungu, titachoka ku Nkhata Bay, akuluakulu a sitima anatilola kukwera kumene amayendetsera ndi kusuzumira kuchipinda cha injini, ana asanu asanu. Mmodzi wa ogwira ntchito ku injini anali wa kwathu konkuno, ndipo atamva ana akulankhula Chiyao anawayankha m'Chiyao chomwecho. Anati iyenso anakulira pa nkhafi, koma anamaliza Fomu 4 n'kukalowa sukulu ya ntchito za pamadzi ya ku Monkey Bay. Mnyamata uja anatsalira anzake atatuluka, akufunsa za mafuta, za mapaipi, za malipiro. Anauzidwa kuti popanda satifiketi ya MSCE yokhala ndi masamu ndi sayansi khomo limenelo silitseguka. Madzulo anabwera kudzakhala pafupi nane, osanena za injini, n'kungofunsa ngati munthu amene analephera masamu Fomu 3 yonse angathe kukhoza Fomu 4. Ndinamuuza zoona, kuti n'zovuta kwa munthu amene amagona maola atatu.

Kumpoto kwa Nkhata Bay nyanja imasintha nkhope. Mapiri amatsetsereka molunjika mpaka m'madzi, mchenga ndi wochepa, madzi ndi obiriwira modera. Chigawo chimenechi ndicho chakuya kwambiri, mamita pafupifupi 700. Popeza pamwamba pa nyanjayi pali pamtunda wa mamita osakwana 500 kuchokera pa nyanja yamchere, pansi pake penipeni ndi potsika kuposa nyanja yamchereyo. Amadamu anawonjezera kuti kupitirira mamita 200 ndi pang'ono kunsi kulibe mpweya wa okosijeni, choncho nsomba zonse zimene timadalira zimakhala m'kachigawo ka pamwamba pokha. Ana amene anakula akumva kuti nsomba sizingathe chifukwa nyanja ndi yaikulu anakhala chete. Chambo chimene makolo awo ankapha chambiri ku Malombe ndi kumwera kuno, lero ndi ndiwo za alendo m'mahotela, ndipo iwo akudziwa bwino amene amakoka khoka la maso ang'onoang'ono m'miyezi ya Novembala ndi Disembala pamene boma latseka.

Ku Usisya ndi ku Ruarwe mudzi wonse umatsikira kugombe sitima ikalira. Mabwato amabwera kudzazungulira, ena kugulitsa nthochi ndi chinangwa, ena kudzalandira mchere ndi sopo. Ku Ruarwe galimoto sifika. Tinaona wodwala akumukweza m'sitima atamunyamula pamphasa. Ana athu amene amadandaula za mtunda wa kusukulu ndi fumbi la msewu anayang'ana tinjira tokwera m'mapiri timeneto osanena kanthu. Chinenero nachonso chinasintha, Chitonga ndi Chitumbuka, ndipo makope anadzaza ndi mawu atsopano amene ankasinthanitsa ndi a Chiyao. Tikuyandikira Chilumba ndinawalozera phiri la Khondowe, kumene mishoni ija inayambira ku Cape Maclear inakathera mu 1894 itadutsira ku Bandawe, ndipo ndinawauza kuti madzi tikudutsawa ndi amene anameza Vipya. Nambala zonse 18 zinayankha msanga usiku umenewo.

Mwera unatipeza pobwerera, Lachiwiri, titachoka ku Likoma. Mnyamata uja anali atanena kale m'mawa. Anati kuzizira kwa mbandakucha ndi mmene mitambo yakhalira pamapiri a kummwera sizabwino, ndipo analangiza anzake kuti asadye zamafuta. Ena anamuseka. Cha m'ma 3 koloko masana sitima inayamba kukwera ndi kugwa, pakuti tsopano tinkalimbana ndi mphepo maso ndi maso, ndipo mwera umakhala utayenda mtunda wautali pamadzi usanafike pamenepo. Madzi ankalowa m'mbali n'kunyowetsa katundu, mabeseni ankatsetsereka, makanda akulira, amayi ena akupemphera mokweza, aliyense m'chipembedzo chake. Mwa ana 18, okwana 13 anadwala mseru ndi chizungulire. Amadamu nawonso anagona. Tinatsala ine, mayi aja ndi anyamata ochepa ozolowera bwato, tikuyenda chogwira zitsulo ndi timapepala tapulasitiki, madzi akumwa ndi zitenje. Mnyamata uja ankauza odwala kuti asatseke maso, ayang'ane phiri lakutali limene silikugwedezeka, ndipo ena zinawathandiza. Ogwira ntchito m'sitima ankangoyenda ngati palibe chachilendo, ndipo ine ndinkauza ana kuti aziyang'ana nkhope za anthu amenewo.

Cha m'ma 11 koloko usiku ndinawerenga mitu. Nambala 14 sinayankhe. Ndinabwereza, sinayankhe. Anali mtsikana wamng'ono kuposa onse, wosatha kusambira, mwana yekhayo wa mayi wamasiye amene anavomera ulendowu pomalizira penipeni. Sindikudziwa kuti zinatenga mphindi zingati, mwina zisanu, koma ndinayenda ndi tochi chipinda chonse ndikuunika nkhope za anthu ogona, ndikuganiza mawu amene ndidzanene pakhomo la mayi uja. Tinamupeza kuseri kwa mulu wa matumba a usipa, ali mtulo, atafungatira mwana wa mayi wina wamalonda amene mseru unamugwetsa. Anati anangomulandira mwanayo kuti mayi ake apume, tulo n'kumuba. Mayi aja anamudzudzula m'Chiyao mawu awiri atatu, kenaka anamufunditsa chitenje chawo. Ine ndinakhala pathumba miyendo ikunjenjemera mpaka ku Nkhotakota.

Anzanga ena amandifunsa ngati ulendowu unakweza magiredi. Sindinganene choncho. Mayeso a MSCE safunsa kuti Makka ali mbali iti ya sitima, ndipo ana ena amene anasangalala kwambiri pamadzi analembabe jogalafe mmene ankalembera kale. Chimene ndinaona n'chakuti makope 18 aja anali ndi Chingerezi ndi Chichewa chabwino kuposa zimangirizo zonse zimene ana omwewo anandilemberapo, chifukwa nthawi imeneyi anali ndi choti anene. Ndipo pali chinthu chimene chimandiwawa mpaka lero: Fomu 3 yathu inali ndi ana oposa 70. Amene anatsala sanatsale chifukwa cha ulesi. Anatsala chifukwa makolo awo sakanatha kupereka ngakhale theka lija. Temu itayamba, m'kalasi munali magulu awiri, oti akamva "Usisya" amaona mapiri ndi oti amangoona mawu pabolodi. Akuluakulu oona za maphunziro ndi za maulendo a pamadzi atakhala pansi n'kukonza mtengo wapadera wa magulu a sukulu, ngakhale kawiri kokha pachaka, kusiyana kumeneku kungachepe. Ilala yakalamba, ndipo tsiku lina idzalowedwa m'malo. Amene adzagule sitima yatsopano akumbukire kuikamo kachipinda kamodzi kokhala ndi mabenchi ndi bolodi.

Mnyamata uja anabwera temu yoyamba ya Fomu 4. Amalume ake anavomera kuti azipita kunyanja Lachisanu ndi Loweruka lokha. Masamu akumuvutabe, ndipo achimwene ake sanasiye kuimba foni.

Msonkhano wa makolo tinauchita pansi pa mtengo wa mango, sabata yachiwiri ya temu. Ana anajambula nyanja yonse pamchenga, kuyambira pamene Shire amatulukira mpaka ku Chilumba, n'kuika miyala pamadoko onse. Zonse zinayenda bwino mpaka mtsikana wa nambala 14 ananena za mamita 700. Bambo wina, msodzi wa zaka zambiri, yemwe uja anatichenjeza za mwera, anaimirira n'kunena kuti iye waponya chingwe m'nyanjayi kuyambira ali mwana ndipo sichinalepherepo kugunda pansi. Mtsikanayo anagwada n'kuyankha kuti, "Bambo, kumene mumaponya inuko ndi kuno kwathu, kumeneko n'kwina." Bamboyo anafunsa kuti mamita 700 ndi kuchokera pati kufika pati. Anyamata anayeza ndi mapazi kuchokera pamtengo wa mango, kudutsa bwalo la mpira, kudutsa chigayo, mpaka pafupi ndi mjigo wa m'mudzi, makolo onse akutsatira pambuyo. Atafika pamjigo bamboyo anatembenuka kuyang'ana kumene tachokera, anapukusa mutu, n'kufunsa ahedi kuti ulendo wa chaka chamawa kholo lofuna kupita nawo lidzalipire zingati.